Musanalipire aliyense za ntchito ya ku Oizumi

Kwamvekanso za mnyamata wina amene wadyeredwa ndalama ndi dobadoba atalonjezedwa ntchito ya m'fakitale ku Oizumi, tauni ya m'chigawo cha Gunma ku Japan. Mafakitale aliko ndithu. Subaru imapangirako mainjini, ndipo Panasonic ili pamalo amene nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse panali fakitale ya ndege ya Nakajima. Koma chimene dobadoba sangakuuzeni ndi ichi: anthu a ku Brazil amene ali ndi masitolo olembedwa Chipwitikizi pafupi ndi siteshoni ya Nishi-Koizumi anabwera chifukwa cha lamulo la 1990, lolola ana ndi adzukulu a Ajapani kugwira ntchito iliyonse. Inu mulibe agogo a ku Japan. Viza ya alendo salola kugwirira ntchito, ya ophunzira ndi maola 28 okha pa sabata, ndiponso mutapempha chilolezo.

Mukapeza nyumba, pasanathe masiku 14 kalembetseni adiresi ku ofesi ya tauni, ndipo khadi la zairyu, chiphaso cha mlendo wokhala ku Japan, lisachoke m'thumba mwanu. Ntchito zambiri zimadzera m'makampani obwereketsa antchito otchedwa haken. Pasipoti musawapatse kuti akusungireni. Auzeni alembe papepala zonse zimene azidula pa malipiro: lendi, magetsi, basi ya kuntchito. Zimandipweteka kuona munthu waimirira pamakina usiku wonse, kumapeto kwa mwezi n'kulandira zotsala zokha.

Nkhani ina ndi ya nyumbayo. Oizumi ndi chidikha cha makilomita 18 mbwalambwala, ndipo kummwera kwake kumadutsa mtsinje wa Tone. Mu Okutobala 2019 namondwe wa Hagibis anamiza nyumba zina za kufupi ndi mtsinjewo, choncho onani mapu a madera osefukira musanasaine. Chipinda chopanda makina oziziritsa mpweya musachilole: tsidya lina la mtsinjewo, mumzinda wa Kumagaya, kutentha kunafika madigiri 41.1 mu Julayi 2018. Nyengo yozizira kumawomba karakkaze, mphepo youma yotsika m'phiri la Akagi, yokankha munthu pa njinga.

Za njingayo, mukagula yakale kwa mnzanu sinthitsani dzina pa kaundula wa apolisi, apo ayi akakuimitsani adzaiyesa yoba. Mudzaifuna tsiku lililonse, ngakhale popita ku paki ya Jonouchi, pamene panali linga la Koizumi.

Sitima yolunjika ku Tokyo kulibe. Kwerani ya Tobu Koizumi, mukasinthe ku Tatebayashi kulowera ku Asakusa, mu Tokyo.