Bambo akukana phala ndipo asiya kutiyankha: ndi matenda kapena ndi ife?

Sabata ino pa imelo pabwera kalata ya mayi wina amene akudwazika bambo ake a zaka 74. Anadwala sitiroko miyezi itatu yapitayo, dzanja ndi mwendo wakumanja zinafooka. Potuluka m'chipatala ankayankhula ndithu, ngakhale movutikira. Pano akungoyang'ana kukhoma, phala akulikankha, kusamba ndi nkhondo. Ana anapangana kuti asawauze zimene adokotala ananena, zoti dzanjalo mwina silidzabwereramo. Funso lake ndi lakuti: mutu wayamba kusokonekera, kapena pali chimene tikulakwitsa?

Achemwali, musanakayikire mutu wa bambo, yambani mwatchera khutu ku zotuluka pakamwa pa anthu a m'nyumbamo. Mawa m'mawa kaimeni pakhomo la chipinda, mumve momwe wobweretsa phala akuyankhulira. M'makomo ambiri mumamveka izi: "Tiyeni tidye kaphala kathu, eti? Yasamulani, aaa. Eya, mwakhoza!" Mawu okwera m'mwamba, onyengerera, ndendende momwe timachitira ndi mwana woyamba kumene kudya. Mlendo akabwera kudzazonda safunsa wodwala, amafunsa gadiyani kuti "agona bwanji?" Gadiyani naye n'kuyamba kufotokoza za chimbudzi ndi mkodzo wa munthu amene ali pomwepo, akumva zonse.

Kayankhulidwe kameneka akatswiri anakafufuza kwambiri, ndipo m'Chingerezi amakatcha elderspeak. Mu 1986, Ellen Ryan, Howard Giles ndi anzawo anafotokoza momwe vutoli limadzidyetsera lokha. Wachinyamata akaona imvi, ndodo kapena mkamwa mopotoka, mumtima amaweruziratu kuti uyu samva, sazindikira. Akatero amasintha mayankhulidwe: nkhani zenizeni amazisiya, amangofunsa za kudya ndi kugona. Wokalambayo amaona kuti palibe akumuyembekezera kunena chanzeru, ndiye amakhala chete. Akakhala chete, anthu amati "mwaona, mutu wapita," n'kuwonjezera kumunyengerera. Pakatha miyezi ingapo munthu uja amafananadi ndi chithunzi chimene anamujambulira tsiku loyamba.

Za nkhondo ya posamba, Kristine Williams ndi anzake a ku Kansas anajambula pa vidiyo momwe osamalira odwala ankasambitsira, kuveka ndi kudyetsa okalamba odwala matenda oiwala. Zotsatira zinatuluka mu 2009. Wosamalira akayankhula chamwana, mwayi woti wodwala akane, akankhe dzanja kapena akuwe unali pafupifupi kawiri kuyerekeza ndi pamene wayankhulidwa ngati munthu wamkulu. Onetsetsani apa: amenewa anali anthu oiwala ngakhale zinthu za dzulo, koma chipongwe ankachimva. Nanga bambo anu, amene chinafooka ndi dzanja ndi lilime?

Ife a Chichewa mlandu wathu ndi waukulu kuposa wa oyankhula Chingerezi. Iwo ali ndi liwu limodzi loitanira mwana ndi agogo omwe. Ife tili ndi "inu" ndi "iwe", tili ndi "a" wa ulemu, tili ndi "ka" ndi "ti" wochepetsa. Munthu amene kwa zaka 50 anali "abambo", amene ana ankamugwadira pomupatsa madzi, akangomva "tamwa timankhwalati" kapena "agogo athu okongolawa", amadziwa kuti mpando wake walandidwa. Sitingadzikhululukire kuti n'chikondi. Chikondicho chilipo, sindikukana, koma wolandirayo akumva kutsitsidwa. Timakonda kunena kuti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma akangodwala timayamba kukambirana za munda wawo, mbuzi zawo ndi ndalama zawo kuseri kwa nyumba, iwo ali pamkeka. Ndipo tisaiwale komwe njira imeneyi imakathera m'midzi ina: nkhalamba ikayamba kuyankhula zosamveka, anthu amasiya kuiona ngati wodwala, n'kuyamba kunong'ona za ufiti. Kuchotsa munthu m'gulu la anthu oyankhula nawo kumayambira pa tinthu tating'ono ngati timeneti.

Wina anena kuti, nanga tiziyankhula nawo ngati sanadwale? Ayi. Kusintha kwina kumathandizadi, kwina n'kongonyoza, ndipo Susan Kemper ndi Tamara Harden anazisiyanitsa mu 1999. Chimene chinathandiza okalamba kumvetsa malangizo chinali kubwereza mfundo m'mawu ena, ndi kupewa ziganizo zopiringizika zokhala ndi nkhani zingapo m'kati. Kukweza liwu ngati la mwana, kukoka mawu pang'onopang'ono mopitirira muyeso ndi kuduladula ziganizo sikunathandize, ndipo omverawo ankadandaula kuti kukuwasokoneza. Kukuwa nako n'chimodzimodzi. Khutu la munthu wokalamba limayamba kutaya mawu opyapyala, a "s", "f" ndi "ts", ndiye mukakuwa ndi liwu lokwera mukungowonjezera phokoso. Liwu lotsika, nkhope yoonekera, wailesi yozimitsa, n'zimene zimagwira ntchito.

Tsopano nkhani ya manja athu. Margret Baltes, katswiri wa ku Germany, anakhala zaka zambiri akuyang'anitsitsa zochitika m'nyumba zosungira okalamba. Anapeza kuti wokalamba akalephera kapena akapempha thandizo, pomwepo amalandira chidwi, kumwetuliridwa ndi kuyankhulidwa. Akadziveka yekha malaya, palibe amaona. Ndiye munthu wosungulumwa aphunzira chiyani? M'nyumba zathu n'chimodzimodzi, ndipo timawonjezera chifukwa chakuti tifulumire: kumudyetsa kumatha mphindi 10, kudya yekha ndi dzanja lamanzere kumatha theka la ola ndipo phala limatayikira pamalaya. Timasankha mphindi 10. Koma pa sitiroko, kuchira kwambiri kumachitika m'miyezi yoyambirira, makamaka itatu mpaka 6, ndipo chiwalo chosagwiritsidwa ntchito chimazolowera kugona. Ellen Langer ndi Judith Rodin mu 1976 anayesa kanthu kooneka kopepuka ku nyumba ya okalamba ku Connecticut. Gulu lina analiuza kuti lizisankha lokha zochita, n'kulipatsa duwa loti lizithirira. Gulu lina linapatsidwanso duwa, koma othirira anali anamwino. Patangotha milungu itatu, osankha okha aja anali ochangamuka ndi osangalala kuposa anzawo.

Za kuwabisira mawu a adokotala, pano ndiye sindikugwirizana nanu konse. Munthu amene dzanja lake silikunyamuka kwa miyezi itatu akudziwa kale. Akuona anthu akusiya nkhani akamalowa pabalaza, akuona maso ofiira. Chimene mwawabisira si matenda, koma chilolezo choti ayankhulepo. James Coyne ndi David Smith mu 1991 anafufuza mabanja amene mwamuna anadwala mtima mwadzidzidzi, n'kupeza kuti amayi amene ankabisa nkhawa zawo ndi kungovomera zilizonse pofuna kuteteza amuna awo ndi amene ankavutika kwambiri m'maganizo. Nyumba imasanduka ya anthu awiri, aliyense akunamiza mnzake kuti zili bwino, aliyense akulira payekha. Komanso adokotala anati "mwina". Munthu wouzidwa kuti "mupeza bwino posachedwa, ingopumulani" alimbikirenji zolimbitsa thupi za afiziyo, akatswiri a kuchipatala othandiza kuti ziwalo zofooka ziyambenso kugwira ntchito?

Inunso muli m'nkhaniyi. Janice Kiecolt-Glaser ndi anzake ku Ohio mu 1995 anacheka kabala kakang'ono pamkono wa amayi 13 odwazika achibale a matenda oiwala, ndi amayi ena 13 osadwazika. Mabala a odwazika anachedwa kupola ndi masiku 9. Gadiyani wotopa ndiye amayankhula mwachidule, amadyetsa mothamanga, amakalipa. Si nkhanza, ndi tulo tosakwana.

Ndiye muchite chiyani?

Choyamba, pitani nawo kuchipatala, chifukwa si zonse zochokera pakamwa pathu. Kukana phala kungakhale kuopa kutsamwa: onani ngati akukhosomola pomwa madzi, ngati liwu likumveka lonyowa akameza, kapena ngati chakudya chikutsalira m'tsaya lakumanja. Azidya atakhala tsonga, supuni zazing'ono, ndipo asagone mpaka patatha mphindi 30. Kufooka kwa mbali yakumanja nthawi zambiri kumayenda ndi vuto losowa mawu, pamene munthu akudziwa chimene akufuna kunena koma liwu silikubwera. Amenewo si misala. Matenda a nkhawa ndi kukhumudwa nawonso amagwira pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu odwala sitiroko, ndipo ali ndi mankhwala, choncho muwatchulire adokotala kuti bambo asiya kudya ndi kucheza. Koma akasokonezeka mwadzidzidzi, tsiku limodzi kapena awiri, kapena akatentha thupi, musadikire tsiku lawo lokaonana ndi adokotala. Zimenezo zingakhale chibayo, matenda a m'chikhodzodzo kapena sitiroko ina.

Kunyumba, woyankhula akhale mmodzi, atakhala pansi kutsogolo kwawo, osati ataimirira pamutu. Funsani funso limodzi, kenako werengani chamumtima mpaka 10 musanabwereze, ndipo musawamalizire chiganizo. Mawu akakana, onetsani zinthu ziwiri aloze: malaya awa kapena awa, phala kapena mbatata, kusamba pano kapena dzuwa likakwera. Chogwirira cha supuni chikulungeni ndi nsalu kuti chinenepe, ndipo pansi pa mbale ikani kansalu konyowa kuti isatsetsereke. Poveka malaya, dzanja lofooka ndilo liyambe kulowa, povula lizituluka pomaliza, ndipo musalikoke powadzutsa chifukwa phewa limaguluka msanga. Posamba, ngati n'kotheka, awathandize mwana wamwamuna kapena mdzukulu wamwamuna. Bambo ambiri amakana kusamba chifukwa cha manyazi ovulira mwana wawo wamkazi, koma sangakuuzeni.

Za dzanja lija musawakhuthulire zonse nthawi imodzi. Yambani ndi kufunsa kuti, "Abambo, inu mukuona bwanji za dzanjali? Mukufuna kuti adokotala akufotokozereni okha?" Akakana, lemekezani zimenezo, mudzafunsenso patapita masiku. Akavomera, ulendo wotsatira alowe nawo m'chipinda cha adokotala ndipo muwapemphe adokotalawo kuti aziyang'ana bambo poyankhula, osati inu.

Ngati muli ndi achimwene amene amangotumiza ndalama ndi kuimba pa WhatsApp, apatseni ntchito ziwiri. Alipire munthu woti azikulandirani masana awiri pa sabata kuti mugone. Ndipo akaimba asamathere pa "mukupeza bwanji", awafunse bambo zenizeni zofuna mutu wawo: chaka chino tibzale mbewu iti kumunda wakudambo, mbuzi ija tigulitse pano kapena tidikire Disembala. Akayankha, zichitike momwe anenera.