Ndani akudya bandulo mu ofesi muno?

Ndalandira imelo kuchokera kwa mayi ena omwe ali ndi kaofesi ka printing ku Limbe, makompyuta 6 pa rauta imodzi. Akuti ikangokwana 10 koloko intaneti imayamba kukwawa, bandulo ya mwezi ikutha pasabata ziwiri koma aliyense akuti si ine, ndiye akufunsa kuti adziwa bwanji kompyuta yomwe ikudya.

Mayi, musavutike kuyendera desiki iliyonse, yambirani pa rauta poti data yonse imadutsira pompo. Pa browser lembani 192.168.8.1 ngati ndi ka Huawei kaja, ma TP-Link ambiri ndi 192.168.0.1, password yake imakhala pa sticker kunsi. Muona zonse zomwe zalumikizidwa ndipo musadabwe zikapitirira 6, mafoni a antchito anu ali momwemo, mwinanso a mnyamata wa shopu yoyandikana yemwe anapempha password tsiku limodzi chaka chatha.

Vuto ma rauta otchipawa ambiri amangoonetsa mayina, sanena kuti wadya zingati ndi ndani. Amene ali ndi rauta ya MikroTik zawo ndi zofewa, mu Winbox (pulogalamu yoyendetsera rautayo) pitani pa Tools kenako Torch, IP (adilesi ya kompyuta kapena foni pa netiweki) iliyonse imaoneka ndi liwiro lake nthawi yomweyo. Enafe timachita zachikale. Intaneti ikayamba kuvuta tsegulani Command Prompt pa kompyuta imodzi mulembe ping 8.8.8.8 -t, pa makompyuta enawo muzizula chingwe cha kompyuta imodziimodzi kapena kuzimitsa Wi-Fi yake uku mukuyang'ana manambala a time omwe ping ikutulutsa (akakhala aakulu ndiye kuti intaneti ikuchedwa), akangotsika mwadzidzidzi basi mwamugwira. Ena akuuzani za Wireshark, pulogalamu yoonera data yomwe ikudutsa pa netiweki, koma pa switch wamba imangoona za kompyuta yanu yomweyo, musataye nayo nthawi.

Mukaipeza musafulumire kukalipira mwini desiki. Dinani Ctrl+Shift+Esc, pa Task Manager onani mzere wa Network, nthawi zambiri mupeza si YouTube ayi koma Windows Update ikudzitsitsira zinthu mwakachetechete, kapena OneDrive ikukweza mafayilo akuluakulu a ma poster aja. Kukwezaku ndiye koopsa kwambiri, upload imakhala yaying'ono kale ndiye ikadzadza aliyense amaima ngakhale WhatsApp imene. Pitani ku Settings, Network & Internet, muyatse metered connection (imauza Windows kuti isamale data) pa makompyuta onse, password ya Wi-Fi musinthe lero lomwe.