Chifukwa chake timibulu tanu tikumatana

Mwafunsa kuti bwanji ma microgel anu (timibulu ting'onoting'ono tofewa) a puloteni ya whey (madzi otsala mkaka ukaundana), omwe mukufuna azinyamula mankhwala, amakhala bwinobwino m'madzi koma amaundana mukangowathira mu buffer, madzi a mchere osunga pH pamalo amodzi. Ndikanakhala ine, ndikanayamba ndi pH (muyeso wa kuchuluka kwa asidi), zinazo pambuyo.

Timibulu timeneti sitimatana chifukwa tonse tili ndi chaji (mphamvu ya magetsi) yofanana kunja kwake, ndiye timakankhana. Beta-lactoglobulin, puloteni yochuluka mu whey, chaji yake imathera cha pa pH 5.2, pomwe albumin ya ng'ombe imathera cha pa 4.7. Mukayandikira pamenepo, chotikankhanitsa palibenso. Kumbukiraninso momwe munatipangira: munatenthetsa puloteni kupitirira madigiri 70, inatambasuka, ndipo mbali zake zodana ndi madzi, zomwe zinabisala mkati, zinatulukira kunja. Mbali zimenezo zimafunana. Zikakumana, sulufule wa pa cysteine (kachigawo ka puloteni) amatha kumanga mfundo yolimba yotchedwa disulfide pakati pa timibulu tiwiri, ndipo zikafika apo, ngakhale mukhutchumule bwanji sitilekananso.

Mchere nawo umakolezera. Pa 150 mM, mlingo wofanana ndi wa m'magazi, chaji imaphimbika moti kukankhana kuja sikufikanso ngakhale nanomita imodzi. Kashiamu ndiye woipitsitsa, amagwira uku ndi uku n'kulumikiza timibulu. Ambiri amaiwalanso kuti mankhwala omwewo amene mwalowetsamo amatha kudya chaji ija ngati yawo ili yosiyana.

Musazione mopepuka. Mitsempha yaing'ono kwambiri ya magazi ndi yotakata mamaikoromita 5 mpaka 10 okha, chibuluma chikhoza kuitseka, komanso chiwindi ndi kapamba zimatola msanga tinthu tokulirapo. Abraxane, mankhwala a khansa a paclitaxel onyamulidwa ndi albumin omwe bungwe loona za mankhwala ku America la FDA linavomereza mu 2005, timibulu take ndi ta mananomita 130 chabe. Ngati anu ndi akumwa, dziwani kuti pochoka m'chifu cha asidi kupita m'matumbo adzadutsa pa pH yovutayo, mufune musafune.

Ndiye yezani zeta potential, muyeso wa chaji ya kunja kwa timibulu. Ikachepera 30 mV, kaya ku plus kaya ku minus, musadalire chaji yokha. Kutani timibuluto ndi zokutira monga PEG (polyethylene glycol) kapena pectin kuti tizilephera kugundana. Mukamaumitsa ndi freeze-drying (kuumitsa mozizira kwambiri), thirani shuga wa trehalose kapena sucrose. Koma chimene ndingakakamire ndi ichi: DLS, njira yoyezera kukula kwa timibulu ndi kuwala, muzichita mu buffer yeniyeniyo, pa madigiri 37, mankhwala ali kale mkati, ndipo mubwerezenso pakatha maola angapo. Tatiuzani buffer yanu ndi iti komanso pH yake.