Kodi kusiya mpikisano panjira kwandisonyeza kuti ndine wofooka?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wina wa ku Zomba amene wakhala akuthamanga m'mamawa kwa zaka ziwiri. Akuti anakonzekera mpikisano wa makilomita 21 kwa miyezi inayi, akuthamanga ndi mphamvu zake zonse tsiku lililonse kupatula Lamlungu, koma tsiku la mpikisano litafika miyendo inamukana pa kilomita ya 15, moti anabwerera kunyumba pa kabaza atabisa nambala yake ya mpikisano m'thumba. Funso lake ndi ili: "Anthu amati kuthamanga kumamuonetsa munthu chimene iye ali. Kodi ine ndaonetsedwa kuti ndine wofooka? Ndingosiya basi?"

Achimwene, zimene anthuwo amanena n'zoona, koma inu mwafufuza yankho pa tsiku lolakwika. Tsiku la mpikisano limangoulula zimene zinachitika m'miyezi ya m'mbuyo, ndipo m'kalata yanu yomwe mwandiuza kale chimene chinakugwetsani, ngakhale kuti mwachilemba ngati chinthu chonyadira. Munthu amene wathamanga ndi mphamvu zake zonse masiku 6 pa sabata kwa miyezi inayi sangatchedwe wofooka. Vuto lake n'kusadekha, ndipo matenda amenewa ndi osiyana kwambiri ndi kufooka. Kuti ndikufotokozereni bwino, ndiloleni ndikutengereni ku Kenya, kwa Eliud Kipchoge, chifukwa mbiri yake anthu ambiri amaidziwa theka lokha.

Theka limene amalidziwa ndi la ulemerero: mendulo zagolide za marathoni pa masewera a Olympics a ku Rio mu 2016 ndi a ku Tokyo mu 2021, komanso tsiku lija la 12 October 2019 ku Vienna pamene anathamanga mtunda wa makilomita 42.195 mu 1:59:40, mothandizidwa ndi gulu la anzake omutsogolera liwiro. Chimene chimaiwalika n'chakuti Kipchoge sanayambire pa marathoni. Anali katswiri wa mamita 5,000 m'bwalo, ndipo mu 2003 ku Paris, ali ndi zaka 18 zokha, anapambana mpikisano wa dziko lonse lapansi atagonjetsa Hicham El Guerrouj ndi Kenenisa Bekele. Mwana wa zaka 18 akachita zotere amakhulupirira kuti wadzidziwa kale. Koma zaka zotsatira zinamupatsa mendulo ya malo achitatu pa Olympics ya ku Athens mu 2004 ndi ya malo achiwiri pa ya ku Beijing mu 2008, golide akumuzemba, mpaka mu 2012 analephera n'komwe kulowa m'timu ya Kenya yopita ku Olympics ya ku London.

Taganizirani munthu amene watha zaka pafupifupi khumi akudzitcha wothamanga wa m'bwalo, kenako n'kuuzidwa ndi liwiro la ana ongoyamba kumene kuti malo ake kumeneko atha. Apa m'pamene ndimaona kudzizindikira kwenikweni, ndipo kawirikawiri kumabwera ngati uthenga wowawa. Iye sananene kuti kulepherako kwamuonetsa kuti ndi munthu wachabe. Pamodzi ndi mphunzitsi wake Patrick Sang, yemwenso anapata mendulo yasiliva ku Barcelona mu 1992, anavomereza kuti mphatso yake yaikulu inali kupirira pa mtunda wautali, ndipo anasamukira mumsewu. Mu 2013 anathamanga marathoni yake yoyamba ku Hamburg n'kupambana mu 2:05:30. Akanapanda kukanidwa mu 2012, mwina akanakakamira m'bwalo mpaka miyendo itakalamba.

Tsono tiyeni tifike pa nkhani yanu yeniyeni, ya kathamangidwe ka tsiku ndi tsiku. Kipchoge wakhala akukonzekera ku kampu ya ku Kaptagat, kudera lokwera mamita oposa 2,000 kufupi ndi Eldoret, kumene amakhala pakati pa sabata n'kupita kwa banja lake kumapeto kwa sabata. Pokonzekera marathoni amathamanga makilomita pafupifupi 200 pa sabata, ndipo munthu akangomva nambala imeneyi amaganiza kuti ndi moto wokhawokha. Si choncho ayi. Masiku olimba amakhala pafupifupi atatu pa sabata: lina la liwiro m'bwalo, lina la mtunda wautali wa makilomita 30 mpaka 40, lina losinthasintha liwiro mumsewu. Nthawi yotsalayo gulu lonse limathamanga mofatsa, pa liwiro loti anthu n'kumacheza. Chifukwa chake n'chodziwika bwino kwa aphunzitsi a masewera: kuthamanga kolimba kumang'amba timinofu ndi kutha mphamvu zosungidwa m'thupi, ndipo thupi limamanganso zimenezi, mwamphamvu kuposa kale, pa nthawi yopuma ndi yogona. Amene amalimba tsiku lililonse amakhala ngati mlimi wokolola m'munda umodzi chaka ndi chaka osathiramo manyowa. Inu munafika pa mzere woyambira mutatopa kale, ndipo pa kilomita ya 15 thupi linangokupatsani ngongole yake. Akuluakulu aja ponena kuti kuthamanga si kufika ankanena za moyo, koma mwambiwu umagwiranso ntchito pa kuthamanga kwenikweniku.

Kuthamanga mofatsa n'kovuta kuposa mmene kumamvekera, ndipo ine ndimati ndi kumene kumamuvula munthu. Pamene mukutsika msewu pang'onopang'ono ndipo mnyamata wina wovala nsapato zong'ambika wakudutsani, kapena amayi opita kumsika akuyang'anani ngati munthu wongochita majowajowa ochepetsa mimba, mumtima mumabwera kamawu kakuti onjezerani liwiro kuti akudziweni. Kamawu kameneko ndi inuyo. Ndikulankhula ngati munthu amene anavutikapo ndi bondo kwa miyezi ingapo chifukwa chokana kudutsidwa ndi anthu amene sindinkawadziwa n'komwe, ndipo amene sanazindikire kuti tinali pa mpikisano. Ndinaphunzira pamenepo kuti chimene ndinkachitcha khama chinali kufuna kuonedwa, ndipo nditayang'anitsitsa ndinachipezanso chomwecho kuntchito ndi pakhomo.

Chida chimene chimathandiza kuona zimenezi n'chotsika mtengo kuposa nsapato iliyonse. Kipchoge amadziwika kuti amalemba pamanja m'makope zonse zimene wachita pokonzekera, ndipo wakhala akutero kwa zaka zambiri. Gulani kope la sukulu, ndipo tsiku lililonse mukabwerako lembani mtunda, nthawi, maola amene munagona, chimene munadya ndi mmene thupi linamvera. Onjezeraninso mzere umodzi umene ambiri amaudumpha: chimene munakonza kuchita, ndi chimene munachitadi. Pakatha miyezi iwiri kopelo lidzayamba kukuuzani zinthu zimene mnzanu sangayerekeze kukuuzani, monga kuti mumathamanga mopitirira muyeso tsiku lotsatira mkangano, kapena kuti mumajomba pakangopita sabata popanda wokuyamikirani. Maganizo a munthu amakonda kumukometsera mwini wake mbiri, pamene kope silikometsa.

Palinso mbali ina ya moyo wa ku Kaptagat imene atolankhani amakonda kuitchula, yoti akatswiri onse, Kipchoge yemwe, amagawana ntchito zapakhomo monga kusesa ndi kutsuka zimbudzi. Ena amaitenga ngati nkhani yongosangalatsa ya munthu wolemera wodzichepetsa. Kwa ine phindu lake n'lakuti munthu wothamanga yekhayekha amasanduka woweruza wa mlandu wake womwe, ndipo chigamulo chake chimakhala chofewa kwambiri kapena chankhanza kwambiri, monga chimene inu mwadzipatsachi. Pezani anzanu awiri kapena atatu othamanga nawo, makamaka wina wamkulu msinkhu amene angakugwireni malaya mukayamba kufulumira.

Pa chinthu chimodzi ndimasiyana naye Kipchoge. Mawu ake otchuka amati palibe munthu amene ali ndi malire, ndipo achinyamata ambiri amawalemba pa Facebook ngati lonjezo. Mbiri yake yomwe imasonyeza kuti malire alipo. Mu 2020 ku London anamaliza pa nambala 8 khutu litatsekeka mkati mwa mpikisano, ndipo mu 2023 ku Boston, mpikisano wa zitunda zambiri, anamaliza pa nambala 6. Chachikulu chinachitika mu August 2024 ku Paris, mzinda womwe uja anatchukiramo ali mwana. Ali ndi zaka 39, akufuna golide wachitatu wa Olympics, anayamba kumva kuwawa m'chiuno, anatsalira, anayamba kuyenda, ndipo atangodutsa makilomita 30 anasiya mpikisano. Aka kanali koyamba kuti asamalize marathoni. Sanabise nambala m'thumba: anaima pamaso pa khamu, navula nsapato n'kuzipereka kwa anthu oonerera. Mu April 2025 anaimanso pa mzere woyambira ku London n'kumaliza pa nambala 6. Sindikhulupirira kuti pali munthu amene anaonerera za ku Paris n'kunena kuti tsopano tadziwa kuti Kipchoge ndi wofooka, ndiye sindikuona chifukwa choti inu mudziweruze ndi lamulo limene simungamuweruzire iye.

Kodi musiye? Mukhoza kusiya tsiku lina, pakuti si aliyense amene ayenera kukhala wothamanga, ndipo kuzindikira kuti chinthu sichikukusangalatsaninso ndi kudzidziwa komwe. Koma musasiye pano, manyazi akali kutentha, chifukwa chisankho chotere chidzakhala cha manyaziwo. Pumulani masabata awiri osathamanga, ndipo ngati pali pena pamene pakupweteka osasiya, kaonaneni ndi achipatala musanayambirenso. Mukabwerera, thamangani masiku anayi pa sabata kwa miyezi itatu, limodzi lokha likhale lolimba, enawo pa liwiro loti mungathe kupereka moni wathunthu kwa munthu popanda kubanika. Nambala ija muichotse m'thumba, muimate patsamba loyamba la kope lanu, ndipo pansi pake mulembe deti ndi kilomita imene munaimira. Miyezi itatuyo ikatha, mundilemberenso imelo ina, ndipo chimene ndidzafune kumva choyamba ndi chiwerengero cha masiku amene munalola kudutsidwa mumsewu osaonjezera liwiro.