Alamu, musatsuke akwariyu ija

Halo alamu, mwaswera bwanji ku Moatize kumeneko? Ife kuno ku Ulongué tili bwino, fumbi lokha basi. Pepani ndachedwa kuyankha, ndinali kudimba kothirira kachewere, foni ndinaisiya pa chaja. Uthenga wanu ndaumvera kawiri, chithunzi mwaika pagulupu chija ndachionanso. Ndibwereze kaye kuti ndione ngati ndamva bwino. Mwagula akwariyu, galasi lowetera nsomba lija, ya malita 60 Loweruka, tsiku lomwelo mwathiramo madzi a pampopi n'kuikamo nsomba 10, ma guppy 8 ndi goldfish ziwiri. Lero ndi tsiku lachisanu, madzi achita mbuu ngati wina wadontheza mkaka, ma guppy awiri afa, otsalawo akungoyasama pamwamba. Ndiye mukufunsa ngati mutaye madzi onse, mutsuke zonse ndi Omo, muyambirenso.

Ayi alamu, chonde, imeneyo ndiye musachite. Ngati ndowa ndi sopo mwatenga kale, bwezani. Sopo ngakhale wochepetsetsa wotsalira pagalasi amapha nsomba, komanso mukatsuka ndiye kuti masiku asanu mwayendawa mwawataya, mwabwerera poyambira.

Vuto si litsiro limene mukuliona ndi maso. Nsomba ikamapuma, m'makha mwake muja, tija timatsegukatseguka m'mbali mwa mutu, mumatuluka poizoni wotchedwa amoniya. Ndowe zake ndi chakudya chotsala zikamaola pansi zimatulutsanso yemweyo. Mu Zambezi kapena mu Revúbuè palibe nkhani, madzi ndi ambiri ndipo akuyenda. Koma inu mwatsekera nsomba 10 m'madzi a zigubu zitatu. Amoniya uja alibe kopita. Amawotcha makha, n'chifukwa chake mukuziona zikuyasama pamwamba, zina zitapinda zipsepse, zina makha atafiira. Ndipo alibe mtundu, madzi akhoza kuyera mbee koma nsomba zikupsa.

Chimene chimachotsa amoniya si sefa ija mwagula, ayi. Ndi tizilombo tosaoneka ndi maso, mabakiteriya, timene timamera pa siponji ya m'sefamo, pa timiyala ta pansi ndi pagalasi. Tili magulu awiri. Gulu loyamba limadya amoniya n'kumusandutsa naitiraiti. Naitiraitiyo ndi poizoninso, tsono gulu lachiwiri limamudya n'kumusandutsa naitireti, amene ndi wofatsa, nsomba zimamupirira, ndipo timamuchotsa posintha madzi. Mayina awiriwa amafanana, musawasokoneze, wa "rai" ndiye wakupha. Akwariyu yatsopano ilibe tizilombo timeneti, ili ngati munda wongolima kumene wopanda mbewu. Timamera tokha, koma mochedwa kwambiri, masabata 4 mpaka 6, nthawi zina mpaka 8. Ndiye ntchito yanu yonse masabata amenewa ndi imodzi, kusunga nsomba zamoyo mpaka tizilomboto titachuluka.

Za naitiraitiyu ndikufuna mundimvetsetse, chifukwa ndi amene amapusitsa anthu. Sabata yoyamba ndi ya amoniya. Kenako cha m'sabata yachiwiri kapena yachitatu amoniya amatsika, nsomba zimaoneka ngati zachira, munthu n'kuti basi zatha, n'kusiya kusintha madzi, mwina n'kugulanso nsomba zina. Pamenepo m'pamene naitiraiti akukwera. Mukudziwa zija timaletsana kugona ndi mbaula m'chipinda chotseka nthawi ya Juni? Mpweya m'chipindamo ulimo, koma utsi wa makala walowa m'magazi, magazi akulephera kunyamula mpweyawo. Naitiraiti amachita chimodzimodzi kwa nsomba. Amalowa m'magazi, magazi amasanduka ofiirira ngati khofi, nsomba ikubanika m'madzi oti bomba ya mpweya ikuwiritsa thovu bwinobwino.

Ine zinandichitikira zimenezi alamu, chaka chimene ndinayamba. Loweruka lililonse ndinkatulutsa nsomba n'kuziika m'beseni, kutsuka miyala, kufinya siponji pampopi mpaka kuyera, ndikuganiza kuti ndikuzisamala. Lachiwiri lisanafike ndimapeza ina itayandama chagada. Ndinataya nsomba zambiri, ndipo imodzi yake ndimaikumbukabe, inali yaikazi yamimba, inafa m'manja mwanga ndikuyesa kuisamutsa. Amene anandithandiza ndi mphunzitsi wina wa sayansi amene tinkapemphera naye. Anangoyang'ana siponji yanga yoyera ija n'kunena kuti ndikupha antchito anga omwe. Kuyambira pamenepo siponji yanga ndi yakuda, ndipo ndimaisamala kuposa galasi.

Ndiye lero lomwe lino chitani izi. Chotsani theka la madzi, malita 30. Tengani kapaipi kakang'ono, kokokani madzi kuchokera pansi penipeni pamene pali ndowe ndi chakudya chotsala, nsomba zili momwemo, musazitulutse. Kenako thirani madzi atsopano pang'onopang'ono, muike kambale pansi kuti madzi agwere pamenepo asavundule miyala. Masamu ake ndi osavuta, mukachotsa theka la madzi mwachotsa theka la poizoni. Mawa chigubu chimodzi cha malita 20, mkuja chimodzimodzi, tsiku lililonse kwa masabata awiri oyambawa. Ndikudziwa anthu ena adzakuuzani kuti kusintha madzi kumachotsa tizilombo tabwino tija. Musawamvere. Tizilomboto timamatirira pa siponji ndi pamiyala, m'madzi muli tochepa kwambiri.

Koma madzi atsopanowo ndiye pali nkhani. Madzi a pampopi amathiramo kolorini kuti ife anthu tisadwale, ndipo n'zabwino, koma kolorini yemweyo amawotcha nsomba n'kupha tizilombo tathu tija. Chabwino kwambiri ndi kabotolo ka mankhwala ochotsa kolorini, m'maloja amati anti-cloro, funsani kumene munagula akwariyuko, muthire monga alembera pabotolopo. Ngati mulibe, tungani madzi m'ndowa, muwasiye osavindikira tsiku lathunthu kapena masiku awiri, muziwavundula nthawi ndi nthawi, kolorini wamba amauluka yekha. Ndowa ziwiri zizisinthana, ina mukugwiritsa lero ina ikudikira mawa. Pa theka la leroli simungadikire, ndiye ngati anti-cloro sapezeka madzulo ano, pemphani madzi a pamjigo kwa aneba, amenewo alibe kolorini. Ndipo alamu, ndikudziwa kwanu mumathira Certeza m'madzi akumwa, makamaka nthawi ya kolera. Madzi amenewo asayandikire akwariyu, Certeza ndi kolorini yemweyo. Muuzenso mtsikana wothandiza panyumba uja, angadzathire mwachifundo poona madzi atsika. Ndowa ya nsomba ikhale yakeyake, yatsopano, yosakhudzapo sopo. Yanga ndinaimanga kansalu kofiira pa chogwirira kuti aliyense aziidziwa.

Musaiwale kupisa dzanja m'ndowa ndi m'akwariyu, kutentha kwake kufanane. Chigubu chimene chakhala padzuwa la ku Moatize masana chimakhala ngati tiyi, chilowetseni m'nyumba chizizire kaye.

Pamenepa ndikhalepo pang'ono, chifukwa kwanuko n'kosiyana ndi kuno. Ife kuno kumapiri vuto lathu ndi kuzizira, Juni ndi Julayi tizilombo tija timachita ulesi, ntchito ya masabata 5 imatenga miyezi iwiri. Inu kwanu Okutobala uno kutentha kumapitirira madigiri 40. Mbali imodzi zikuthandizani, tizilomboto timaswana bwino madzi akakhala pakati pa madigiri 25 ndi 30. Koma madzi otentha amasunga mpweya wochepa, ndiponso amoniya yemweyo amaluma kwambiri madzi akatentha, komanso akakhala a laimu wambiri, aja amasiya zoyera mu ketulo. Ndiye muyeso umene nsomba yanga ingapirire kuno, yanu kumeneko ikhoza kufa nawo. Pachithunzi chija ndaona akwariyu ili pafupi ndi windo. Isunthireni pamthunzi, koma muisunthe mutachepetsa madzi, galasi lodzadza mukalinyamula limang'aluka. Masana tsegulani chivindikiro pang'ono, fani iziwomba pamwamba pa madzi, zimatsitsa kutentha. Bomba ya mpweya ndi sefa zisazime usiku poti tisunge magetsi a Credelec, zimadya pang'ono kwambiri, ndipo tizilombo tija timapuma mpweya ngati ife.

Magetsi akazima nthawi yaitali, kupitirira maola awiri kapena atatu, tulutsani siponji m'kabokosi kake muiike m'madzi a akwariyu momwemo. Muzitunga madzi ndi kapu n'kuwathira kuchokera m'mwamba kangapo, mubwereze pakapita kanthawi. Tsiku limenelo musazidyetse.

Eya, chakudya. Apa ndikudziwa mwana wanuyo andikwiyira. Lero ndi mawa musazipatse kalikonse. Nsomba yathanzi imakhala masiku angapo osadya popanda vuto. Kuyambira mkuja kamodzi pa masiku awiri, kotsina ndi zala ziwiri, kokwanira kutha pa mphindi imodzi. Chilichonse chimene mwaponyamo chimasanduka amoniya, kaya chadyedwa kaya ayi. Ndipo nsomba sizikhuta, zimabwera pagalasi kudzapempha nthawi iliyonse munthu akadutsa, mwana amamva chisoni. Chitini cha chakudya chikhale pamwamba pa kabati. Nsima, buledi, mabisiketi, zimenezo ayi.

Goldfish ziwirizo ndikuuzeni zoona, sizikuyenera m'menemo. Imodzi imatulutsa ndowe kuposa ma guppy onsewo pamodzi, imakula kufika kutalika kwa dzanja la munthu wamkulu, ndiponso ndi nsomba yokonda madzi ozizira. Wogulitsa akalola, zibwezeni kapena musinthe ndi anti-cloro ndi chakudya. Mukatsala ndi ma guppy 6 okha, ntchito yanu yapepuka ndi theka, mwinanso kuposa.

Kuyera kwa mkaka kuja musade nako nkhawa. Ndi mtundu wina wa mabakiteriya umene umaswana msanga m'akwariyu yatsopano, umatha wokha pakapita masiku angapo. Musagule mankhwala oyeretsa madzi.

Chimene ndingakonde mugule ndi zoyezera madzi, timabotolo todontheza tija. Ngati ku Tete simuzipeza, tumani wina wopita ku Beira kapena wodutsa pa Zóbue kupita ku Blantyre akafunse m'maloja a ziweto. Zanga ndi za kampani ya API. Mumatunga madzi m'kagalasi, kudontheza, kugwedeza, kudikira mphindi 5, n'kufanizira ndi kakhadi ka mitundu. Ya amoniya ikakhala yachikasu ndiye kuti ziro, ikayamba kubiriwira ndiye alimo. Ya naitiraiti ikakhala yabuluu wowala ndi ziro, ikayamba kupita ku pepo ndiye ngozi. Iliyonse mwa ziwirizi ikafika 0.5 pa kakhadiko, sinthani madzi tsiku lomwelo, ikafika 1 chotsani theka. Cholinga chathu n'chakuti zisapitirire 0.25. Mukaona naitiraiti wayamba, sungunulani supuni yaing'ono imodzi ya mchere wa miyala pa malita 20 aliwonse. Mchere umatsekereza naitiraiti kuti asalowe kwambiri m'magazi, ndipo ma guppy amaupirira bwino. Koma mchere suuluka, ndiye muzingobwezera wa madzi amene mwachotsa basi, ndipo pa amoniya suthandiza. Tsiku limene ziwiri zonsezi zidzakhale ziro kwa sabata yathunthu, naitireti n'kuyamba kuoneka, ndiye kuti zatheka. Kuyambira pamenepo chigubu chimodzi pa sabata, naitireti asapitirire 40, ndipo nsomba zatsopano ziwiriziwiri, kudikira masabata awiri pakati. Ngati zoyezera sizipezeka, tiyenda ndi kalendala, masabata awiri tsiku lililonse, ena awiri kudumphitsa tsiku, ena awiri kawiri pa sabata, maso ali pa nsomba. Mukaona zayambanso kuyasama pamwamba, musafunse, sinthani madzi.

Siponji ija mwezi uno musaikhudze, kupatula magetsi akazima. Ikadzatsekeka madzi n'kumatuluka mofooka, ifinyeni pang'ono m'madzi amene mwachotsa m'akwariyumo, osati pampopi.

Pali chinanso chimene ndikuopa kuiwala. Mankhwala opopera udzudzu, Baygon, Doom, ngakhale koilo yoyatsa ija, nsomba zimafa nazo msanga kwambiri. Musapopere pabalaza pamenepo. Akadzabwera opopera m'nyumba za malungo, zimitsani bomba ya mpweya kwa kanthawi, phimbani akwariyu yonse ndi pulasitiki ndi chitenje chonyowa, muvundukule fungo litatha. Manja opaka mafuta odzola asalowe m'madzi.

Tsopano nkhani yabwino. Kale moto ukazima sitinkapeka wina, tinkapita kukapala kwa aneba. Akwariyu yanga ili ndi zaka, nsomba zake zilibe matenda, siponji yake yadzaza tizilombo timene inu mukudikirato. Ndidula theka, ndiika m'pulasitiki ndi madzi ake pang'ono, ndisiyamo mpweya, ndipatsa kondakitala wa chapa, minibasi ija, yoyamba mawa m'mamawa. Achimwene akaidikire pa siteji, ndiwatumizira nambala ya galimoto ikanyamuka. Ikafika muiona yakuda, yonunkha ngati dothi la kudambo. Musaitsuke alamu, musaisiye padzuwa, isaume. Muilowetse m'sefa mwanu pambali pa siponji yatsopanoyo nthawi yomweyo. Ikhoza kukudulirani masabata angapo, koma madzi muzisinthabe monga ndanenera mpaka titaona.

Mwanayo muuzeni kuti ziwiri zafazo si iye wazipha, ndamva kulira kwake kumbuyo kwa uthenga wanu. Mumupatse ntchito yake, m'mawa uliwonse asanapite kusukulu aziwerenga nsomba, aziona ngati zikusambira pakati kapena zili pamwamba, n'kunditumizira mawu yekha pa foni yanu. Pronto, pitani mukachotse theka lija dzuwa lisanalowe, mukamaliza mujambule kavidiyo pafupi ndi galasi ndione makha ake.