Andibera batire kawiri ku Matawale, ndiike alamu?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa bambo wina wa ku Matawale, mumzinda wa Zomba. Ali ndi Toyota Sienta, nyumba ndi ya lendi yopanda mpanda, ndipo galimoto imagona panja. Amubera batire kawiri, galasi la m'mbali analizula, ndiye akuopa kuti ulendo wina adzanyamula galimoto yonse. Akufunsa ngati alamu ingathetse vutoli.

Achimwene, alamu muike pomaliza. Wakuba saopa kwambiri phokoso, amaopa kuchedwa pamalo. Batire imagwiridwa ndi timanati ta sipanala ya 10, ndipo wozolowera amaichotsa m'mphindi ziwiri. Wakuba satsegulira boneti m'kati: amapisa dzanja kutsogolo kapena pamwamba pa tayala n'kukoka waya wa loko. Pitani kwa wowotcherera akupangireni chitsulo chodutsa pamwamba pa batire, chomangidwa pathupi la galimoto, chokhala ndi potsekera loko. Chitsulocho chisayandikire mitu ya batire; chikakhudza mutu wa pulasi chimathetheka, ndipo galimoto itha kuyaka. Muchikutire ndi labala. Lokoyo muzidonthezera oyilo, chifukwa mvula ya kuno kunsi kwa phiri siichedwa kuchititsa dzimbiri, mapeto ake mudzadula nokha loko wanu tsiku limene batire yafooka.

Magalasi amabedwa kuti akagulitsidwe. Lembetsani nambala ya galimoto pakona ya galasi lililonse ndi kamakina kozokotera, osati penti. Galasi lolembedwa nambala ya mwini wake limavuta msika. Matayala nawo, gulani manati a loko, imodzi pa tayala lililonse, koma kiyi wake musamusiye m'kabokosi ka kutsogolo komwe wakuba amayambira kufufuza.

Tsono za galimoto yonse. Chimene chimagwira ntchito pamtengo wochepa ndi switchi yobisika yodula magetsi opita ku pampu ya mafuta. Wakuba akaliza injini, imalira pang'ono ndi petulo wotsala m'mapaipi kenako n'kuzima, ndipo sakhala ndi nthawi yofufuza chavuta. Pamene amakaniko ambiri amalakwitsa ndi apa: amadula waya wa pampu n'kulumikiza kaswitchi kochepa mphamvu ndi waya woonda, wongopotokola n'kumata tepi. Pampu imakoka magetsi ochuluka ndithu, ndiye polumikizapo pamatentha, tsiku lina galimoto n'kukuzimirani mukutsetsereka kuchokera ku Ku Chawe pamwamba pa phiri la Zomba, mabuleki atalimba. Uzani wamagetsi aike switchiyo pa waya woyendetsa relay ya pampu (kachipangizo kamene kamayatsa ndi kuzimitsa pampuyo), ndipo polumikiza pawotcheredwe ndi mtovu. Asaiike pansi pa chiwongolero, aliyense amayang'ana pomwepo. Ndipo akamaika, anthu ongocheza pa galaja asaonerere.

Onjezerani chitsulo chokhoma chiwongolero, chofiira kapena chachikasu choonekera patali. Chimadulika inde, koma wakuba akachiona amasankha galimoto ina. Tracker, kachipangizo kosonyeza komwe galimoto ili, ndi yabwino ngati muli ndi ndalama, bola SIM yake, kaya ya TNM kaya Airtel, isathe bandulo. Ambiri amazindikira kuti inasiya kutumiza uthenga galimoto itapita kale.

Alamu yotchipa ili ndi mavuto awiri. Imalira ndi bingu, mphaka ngakhale lole yodutsa, mpaka oyandikana nawo amasiya kusuzumira. Komanso yoikidwa molakwika imamwa batire usiku wonse, m'mawa n'kumakankhitsa ana a eni.

Pogona galimoto ndiye nkhani yaikulu. Kambiranani ndi mnansi amene ali ndi mpanda, kapena malo okhala ndi mlonda, muzilipira pamwezi. N'zotchipa kuposa batire yachitatu. Zikakanika, imikani kutsogolo kwa galimoto kutagunda pafupi ndi khoma kuti boneti ivute kutsegula, pafupi ndi zenera la kuchipinda kwanu, ndipo ikani getsi la sola loyaka munthu akadutsa. Masana mukaima pamsika wa Zomba kapena ku Mpondabwino, pampando pasakhale chikwama ngakhale chopanda kanthu. Mukakiya ndi rimoti, yesani chitseko ndi dzanja.

Akakuonongeraninso, jambulani musanagwire chilichonse, kenako kanenani kupolisi mutenge lipoti, poti a inshuwalansi amalifuna. Dziwaninso kuti inshuwalansi ya third party siilipira galimoto yanu ikabedwa kapena kuphwanyidwa. Imalipira amene mwawaonongera. Blue book musaisiye m'galimoto, ndipo nambala ya chasisi ndi ya injini muzisunge mufoni.