Mafunso ndi mayankho: galamafoni ya bambo anga ikumveka ngati ili m'chitini

FUNSO: Zikomo akuluakulu a tsamba lino. Ine ndimakhala ku Mabvuku kuno ku Harare, bambo anga kwawo kunali ku Dedza, anabwera kuno ali mnyamata kudzagwira ntchito ndiye atamwalira anandisiyira galamafoni yawo ya Pioneer PL-12D ndi makatoni awiri odzadza mbale, za rumba, za sungura ndi za makwaya. Mwezi wathawu ndinayiyatsa, ikuzungulira ndithu koma mawu ake ndi ochepa zedi bezi kulibiretu, pansipansi pakumveka kuti hmmmm osaleka, komanso nyimbo imachita kukoka ngati oyimbawo atopa. Singano ikamalumpha ndimayika kandalama kachitsulo pamutu pa mkono monga ankachitira bambo. Ndinayilumikiza ku wailesi yanga pamalo polemba AUX. Mnyamata wina wandiuza kuti ndiyitanitse katiliji yodula kwambiri ku Johannesburg zonse zitheka. Kodi ndigule? Magetsi akathima timagwiritsa invata. Ndine mayi wa ku Mabvuku.

YANKHO: Mayi, zikomo kwambiri, ndipo musagule kaye katiliji yodulayo (katiliji ndi kachipangizo ka kumutu kwa mkono komwe kumakhala singano), ndalama zanu zisungeni pang'ono. Makina amene bambo anakusiyiraniwo ndi abwino, ndi a m'ma 1970, oyendera lamba, osavuta kukonza, ndipo mavuto onse mwatchulawa, kupatula kulumpha kwa singano, palibe ndi limodzi lomwe limene katiliji yodula ingathetse payokha.

Choyamba chotsani kandalamako lero lomwe. Ndikudziwa akuluakulu ambiri ankatero, ku Mbare ndi ku Highfield konse tinakula tikuona zimenezo, koma kulemera kumeneko kukupala mizere ya mbale zanu ndipo mzere ukapalika wapalika basi sabwezera. Mbale za kale zimenezo zambiri simudzazipezanso pena paliponse. Musayimbenso mbale ina iliyonse mpaka mutasintha singano, poti singano ya dayamondi imatha pakati pa maola 500 ndi 1000 akuyimba, nanga ya bambowo yayimba zaka zingati? Singano yotha imakhala ngati tchizulo, ndiyo imalumpha komanso ndiyo imawononga.

Tsopano za mawu ochepa opanda bezi, apa ndi pamene pagona nkhani ndipo vuto si galamafoni ayi, ndi pomwe mwalumikizapo. Katiliji ya maginito imatulutsa mphamvu yochepa kwambiri, mamilivoti ngati 4 kapena 5 basi, pamene malo a AUX amayembekezera mamilivoti mazanamazana ngati ochokera mu CD kapena foni. Chinanso, podinda mbale ankachepetsa dala bezi nkukweza mawu opyapyala kuti mizere isatenge malo ambiri, muyeso wake umatchedwa RIAA, unakhazikitsidwa mu 1954, ndiye poyimba pamafunika chipangizo chobwezera zinthu m'malo mwake. Chipangizocho ndi phono preamp. Ampulifaya akale ankabwera nacho mkati, mukaona kumbuyo palemba PHONO ndiye kuti chilimo, lowetsani mawaya pamenepo. Ngati wailesi yanu ilibe, gulani kabokosi ka phono preamp ka MM, ndiye kuti ka katiliji ya maginito, nkakang'ono kokwana m'dzanja, kamakhala pakati pa galamafoni ndi AUX. Kapena funsafunsani ampulifaya yakale kwa amisiri a mawailesi m'tauni ndi ku flea market ya ku Avondale, nthawi zina zimapezeka. Tsiku lomwe mudzalumikize bwino mudzadabwa kuti beziyo inali momwemo nthawi yonseyi.

Kulira kwa hmmmm nthawi zambiri ndi waya wa ethi. Yang'anani kumbuyo, pambali pa mawaya awiri ofiira ndi oyera pamakhala kawaya kena kopyapyala, kameneko kamangeni pa sikuluwu yolemba GND pa ampulifaya kapena pa preamp ija. Ngati kulirabe, masulani mutu wa mkono, pali timapini tinayi, tipukuteni ndi kathonje konyowetsa sipiliti poti timachita dzimbiri lobiriwira. Ndinaonapo ina imene mbewa zinatafuna kawayako mkati mwa kabati, mwini wake anali atagula kale masipika atsopano poganiza kuti vuto ndi masipika, chonsecho panangofunika kuwotcherera kawaya kamodzi.

Kukoka kwa nyimbo, nyamulani mphira wa pamwamba muone lamba. Lamba wa zaka zambiri amatamuka kapena kusungunuka nkukhala ngati phula, amatsetsereka pa kampira ka mota. Gulani lamba wolingana ndi PL-12D yeniyeniyo, musayikepo labala wodula ku chubu cha njinga kapena womangira ndalama, kukhuthala kwa lamba kumasintha liwiro. Musanayike watsopano pukutani ndi sipiliti ponse podutsa lambayo, kenako dontho limodzi kapena awiri a mafuta a makina osokera mu beringi ya pakati, osati girisi wa galimoto, osatinso mafuta ophikira chonde. Kuyesa liwiro nkosavuta, matani kaselotepu m'mphepete mwa chozunguliracho muwerenge ndi wotchi ya pafoni. Pa 33 chiyenera kuzungulira ka 100 m'mphindi zitatu ndendende, pa 45 ndi ka 45 pamphindi imodzi.

Ndiye invata ija mwachita bwino kuyitchula. Mota ya makina anuwa imatenga liwiro kuchokera ku magetsi enieniwo, 50 Hz ya kuno ku Zimbabwe. Invata zotchipa za modified sine wave zimayilizitsa motayo nkuyitenthetsa, ndipo phokoso lake limalowa mpaka m'masipika. Jenereta nayo katundu akachuluka liwiro limakwera ndi kutsika nyimbo nkumasintha mawu. Ngati invata yanu ndi ya pure sine wave palibe vuto, ngati si imeneyo dikirani magetsi abwere. Ndipo kwa ena amene mukuwerenga amene achibale amakutumizirani galamafoni kuchokera ku America, zakumeneko nza 120V ndi 60 Hz, ngakhale mutapeza thiransifoma, ya mota ya mtundu uwu idzayenda pang'onopang'ono, 33 imatsikira cha pa 28, mpaka mutasintha kampira ka mota.

Zimenezi zikatheka mpamene tingakambe za katiliji. Ine ndingakuuzeni kuti mugule yapakatikati, monga Audio-Technica AT-VM95E, singano zake zimapezeka ndipo mtsogolo mutha kungosintha singano yokha nkuyika yabwinopo thupi lake lomwelo. Ngati yomwe ilipoyo ndi ya Shure dziwani kuti kampaniyo inasiya kupanga makatiliji mu 2018, singano zake pano amapanga ndi makampani ena, zina nzabwino zina ayi. Koma chachikulu ndi kutchera. Ikani anti-skate, kotembenuza koletsa mkono kukokera mkati mwa mbale, pa 0, tembenuzani chitsulo cholemera cha kumbuyo kwa mkono mpaka mkonowo uziyandama wokha osagwa osakwera, manambala a pa chitsulocho muwayike pa 0 osasuntha chitsulocho, kenako tembenuzani zonse pamodzi mpaka pa magalamu amene opanga ananena, pa VM95E ndi magalamu 2. Anti-skate nayo muyike pa 2. Mukapeza kasikelo kakang'ono koyezera singano ndi bwino koposa poti manambala a makina akale nthawi zina amanama. Musachepetse kulemera poganiza kuti mukuteteza mbale, singano yopepuka kwambiri imagwedezeka mumzere nkumamenya m'mbali, imawononga kuposa yolemera pang'ono.

Katilijiyo isakhale yopendama pamutupo. Pali kapepala kotchedwa protractor kopezeka pa intaneti, sindikizani pa 100% osachepetsa, kamakhala ndi madontho awiri cha pa 66 mm ndi 121 mm kuchokera pakati, singano ikatera pa dontho lililonse thupi la katiliji lilingane ndi mizere. Zimafuna kudekha ndi kuwala kwabwino, chitani masana pafupi ndi zenera. Mukalakwitsa apa nyimbo zomalizira za mkati mwa mbale zimamveka zosasa makamaka mawu a azimayi a kwaya.

Pomaliza pa inu mayi, bwerekani levulo kwa mmisiri womanga muone ngati pomwe galamafoni yakhalapo mpowongoka, ndipo masipika asakhale pa kabati imodzi ndi galamafoni. Mbalezo zitsukeni ndi madzi a distilled aja othira mu batire, kadontho ka sopo wotsukira ziwiya, kansalu kofewa kotsatira mizere mozungulira osanyowetsa pepala la pakati, ziume zili chiimire mumthunzi. Fumbi la m'chilimwe la kuno ku Harare ndi limene limachititsa kuthetheka kwambiri kumene anthu amati mbale yatha.

FUNSO: Achimwene, ine ndi mdala wa ku Highfield, ndili ndi radiogram ya Supersonic ndi mbale zolemera zija za 78 za malemu amalume anga. Mkono sukubwerera wokha ndipo chozungulira chimagunda du du du. Nditha kuyikamo katiliji ngati ya makina atsopano?

YANKHO: Bambo, zikomo, Supersonic zija zinkapangidwa ku Bulawayo ndipo nzolimba, musayitaye. Ma radiogram a nthawi imeneyo ambiri makina ake ndi osintha mbale okha, monga a BSR kapena Garrard a ku England, sayendera lamba koma kagudumu ka labala pansi pa chozunguliracho. Kagudumuko kakakhala zaka kali kokanikizika pamalo amodzi kamauma nkuchita kadzenje, du du du mukumvayo ndi imeneyo, kasinthidwe. Mkono wosabwerera ndi girisi wakale amene wauma ngati ulimbo, mmisiri achotse yense ndi sipiliti ayike watsopano pang'ono, musaukakamize ndi dzanja mudzapinda zitsulo.

Katiliji ya maginito musayikemo. Mkono wake ndi wolemera, unapangidwira katiliji ya ceramic, ndipo ampulifaya ya mkatimo nayo ikuyembekezera mphamvu ya ceramic, mukayika ya maginito mawu adzakhala a pansipansi. Funani ceramic yatsopano ya singano ziwiri yotembenuza, mbali ina yolemba LP ina 78. Mizere ya 78 ndi yotakata, singano yake ndi yonenepa pafupifupi kanayi kuposa ya LP, mukayimba ndi ya LP imakanda pansi pa mzere mumangomva phokoso. Ndipo mbale za 78 nza shellac, sipiliti amazisungunula, ndiye asayandikire nkomwe, madzi pang'ono ndi nsalu basi, muzigwire ndi manja awiri poti zikagwa pasimenti zimasweka ngati kapu ya dothi.